Chifukwa chimene ndinasiyira kuopa 11/4

Kwa zaka zambiri ndinkaona fulakishoni imene nambala yake yapamwamba imaposa yapansi, monga 7/4 kapena 11/3, ngati yankho losamalizidwa, ndipo ndikangoipeza ndinkafulumira kuisintha kuti ikhale nambala yathunthu yokhala ndi kagawo pambali pake. Dzina lake la m'Chingerezi, improper fraction, nalonso linkandisocheretsa, chifukwa limamveka ngati pali chinachake chosayenera, pamene kwenikweni palibe cholakwika chilichonse.

Maganizo amenewa anasintha madzulo ena pamene ndinkathandiza mwana wanga ntchito ya masamu imene anapatsidwa kusukulu. Lamulo losinthira nambala yathunthu yokhala ndi kagawo kukhala fulakishoni yotereyi ankalidziwa pamtima: kuchulukitsa nambala yathunthu ndi yapansi, kuwonjezerapo yapamwamba, kenako kusiya yapansiyo momwe ilili. Koma nditamufunsa chifukwa chake 2 3/4 imasanduka 11/4, anangoti chete, pensulo ili m'manja. Ndinatenga mapepala atatu ofanana, n'kupinda lililonse kawiri, n'kulidula m'zidutswa zinayi. Mapepala awiri athunthu anatulutsa zidutswa 8, ndipo titawonjezera zitatu za pepala lachitatu, iye anawerenga yekha ndi chala mpaka kufika pa 11. Apa m'pamene tonse awiri tinaona bwino kuti nambala yapansi imanena kukula kwa chidutswa, pamene yapamwamba imangowerenga kuchuluka kwa zidutswazo, n'chifukwa chake 4 uja sasintha. Kubwerera m'mbuyo ndi kugawa chabe: 4 amalowa mu 11 kawiri n'kutsala 3.

Chimene chimandikhudza kwambiri ndi pochulukitsa, chifukwa ndi pamene ana ambiri amapunthwa. Munthu akapatsidwa 2 1/2 kuchulukitsa ndi 2 1/2, mtima umamuuza kuti achulukitse 2 ndi 2 payokha, 1/2 ndi 1/2 payokhanso, ndipo amapeza 4 1/4, yankho looneka bwino koma lolakwika, popeza wasiya kuchulukitsa 2 aliyense ndi theka la nambala inzakeyo. Akayamba wasintha nambala zonse ziwiri kukhala 5/2, amapeza 25/4, imene ndi 6 1/4, ndipo palibe chimene chatayika panjira. Pochotsera zilinso chimodzimodzi. Mu 3 1/4 kuchotsa 1 3/4, mwana amaima chifukwa 3 sangachoke mu 1, koma akalemba 13/4 kuchotsa 7/4 amapeza 6/4 mosavuta, ndiye kuti 1 1/2.

Sindikunena kuti nambala yosakaniza, yathunthu yokhala ndi kagawo ija, ilibe ntchito, ayi. Munthu akandiuza kuti chingwe ndi chotalika mamita 6 1/4, ndimachiona m'maganizo nthawi yomweyo, pamene 25/4 imafuna kuti ndiyambe ndawerengera. Choncho kunyumba kwathu tinagwirizana kuti powerengera tizigwiritsa ntchito 25/4, ndipo polemba yankho lomaliza tizibwerera ku 6 1/4. Zidutswa za mapepala zija mwana wanga anazisunga mu envulopu, ndipo amazitulutsabe akakayikira.