Sabata ya mtsutso wa ku Harrisburg

Lolemba pa 24 Okutobala 2022 ndinalowa mu ofesi ndili ndi nkhani zitatu zolemba kale, zonse zodzudzula Mehmet Oz, amene ankaimira chipani cha Republican pa mpando wa ku Senate, nyumba ya malamulo ya dziko la America. Ndimalembera kagulu kakang'ono ka ku Pittsburgh kamene kali kumbuyo kwa chipani cha Democratic, ndipo ntchito yanga inali kutulutsa ndemanga tsiku ndi tsiku pa zimene opikisana pa zisankho za chigawo cha Pennsylvania anena kapena aphonya. Mbali yanga sindibisa: pa mpando wa ku Senate ndinali kwa John Fetterman, pa ugavanala ndinali kwa Josh Shapiro.

Miyezi ya m'mbuyomo Oz anali atatipeputsira ntchito. Kanema wake uja ali m'sitolo, akutola masamba ndi kudandaula kuti madola 20 angothera pa zimene anazitcha crudité (masamba odya osaphika), anafala mu Ogasiti ngati moto wolusa. Sitoloyo anaitchula kuti Wegner's, kusakaniza mayina a Wegmans ndi Redner's. Ndinalemba za kanemayu ndi mtima wonse, chifukwa munthu amene wakhala zaka zambiri ku chigawo china cha New Jersey n'kumalephera dzina la sitolo yogulamo anthu amene akufuna kukawayimira, waonetsa yekha kuti ndi mlendo.

Lachiwiri usiku mphepo inatembenuka. Tinakhala anthu asanu ndi mmodzi kutsogolo kwa TV kuonera mtsutso wa ku Harrisburg, umodzi wokhawo umene Oz ndi Fetterman anagwirizana. Fetterman anadwala sitiroko mu Meyi, kutatsala masiku ochepa kuti chipani chisankhe wochiyimira, ndipo mpaka nthawi imeneyo zonenedwa ankazigwira bwino akamaziwerenga, n'chifukwa chake anamuikira zowerengera zolemba mawu onse olankhulidwa. Atangotsegula pakamwa analonjera anthu ndi mawu otsanzikira ogona. Mawu ena ankamuthawa pakati pa chiganizo. Mu ofesi munati zii, ngati pamaliro.

Ine ndinakumbuka amalume anga ku Dedza. Atadwala sitiroko ankati akafuna madzi n'kutchula mchere, koma ngongole ya aliyense m'mudzi ankaidziwa mpaka tambala yomaliza. Anthu ankawayankhula mokuwa ngati agontha, ena n'kumawaseka. Usiku umenewo pa intaneti ndinaona chipongwe chomwecho, ndipo chinandipweteka kuposa mmene ndale zimandipwetekera.

Kenaka Oz anafunsidwa za kuchotsa pakati. Anayankha kuti nkhaniyi ikhale m'manja mwa amayi, madokotala ndi atsogoleri andale a m'madera. Tonse tinadzuka m'mipando. Chigamulire khothi lalikulu la America mu Juni kuti chigawo chilichonse chizidzipangira malamulo pa nkhaniyi, mawu amenewo anali ndi mano. Kuno lamulo limalola mpaka masabata 24, ndipo Doug Mastriano, amene ankalimbirana ugavanala ndi Shapiro, anakhala akufuna kuti liletsedwe mwana akangoyamba kumveka mtima, pafupifupi masabata 6. Mtsogoleri wa m'dera amene Oz ankamulowetsa m'chipinda cha dokotala akanatha kukhala ameneyo.

Lachitatu m'mawa tinakangana ndi abwana anga. Iwo ankafuna nkhani ya Oz yokhayokha, Fetterman asatchulidwe n'komwe. Ndinawauza kuti owerenga athu anaonera okha, tikakhala chete aziti timawayesa ana. Komanso panali chinthu china chimene sitiroko singachiphimbe. Atafunsidwa za fracking, njira yoswa miyala pansi pa nthaka ndi madzi amphamvu kuti gasi atuluke, Fetterman anangobwerezabwereza kuti amaigwirizana nayo. Chikhalirecho mu 2018 ananena poyera kuti saigwirizana nayo. Lilime kuterereka ndi matenda. Kusintha maganizo osafotokoza chifukwa ndi ngongole kwa ovota. Pennsylvania ndi yachiwiri kwa Texas pa kutulutsa gasi mu America monse, ndipo m'maboma a kummwera kwa Pittsburgh muli mabanja amene amadya za zitsime za gasi zokumbidwa m'miyala yotchedwa Marcellus, muli enanso amene amaopa madzi a pachitsime chawo chakumwa. Onsewa akuyenera yankho lomveka.

Tinakokanakokana mpaka masana. Anandidulira ndime ya amalume, ati ndi ya pakhomo kwambiri. Ya fracking anaisiya. Nkhaniyo inatuluka cha m'ma 2 koloko, Oz ali pamwamba, Fetterman m'munsi.

Lachinayi linathera pa kuyankha makalata. Ena a chipani chathu ananditcha kapirikoni. Mayi wina amene mwamuna wake amagwira ntchito ku zitsime za gasi analemba kuti voti yake sinakhazikikebe, koma aka kanali koyamba kuwerenga nkhani yathu mpaka kumapeto. Kalata imeneyo ndinaisindikiza n'kuimata pakhoma pafupi ndi kompyuta.

Lachisanu ndinabwerera kwa Mastriano ndi chithunzi chake chija chimene bungwe lofalitsa nkhani la Reuters linatulutsa mu Ogasiti, atavala yunifolomu ya asilikali a Confederate, amene ankamenyera ukapolo pa nkhondo yapachiweniweni ya ku America. Kwa ine, munthu wakuda wokhala kuno, nkhani imeneyo sindichita kuifunafuna mawu. Ndinaimaliza pa ola limodzi. Madzulo ndinalemba kachikumbutso kakuti ofuna kuvota kudzera pa positi apemphe mapepala awo pofika pa 1 Novembala, ndipo ndinatenga mndandanda wa makomo 40 oti ndikagogode mawa lake ku Braddock, tauni imene Fetterman anali meya.