Sabata ya pa mikisa: kutsatira mawu kuchokera pa maiki mpaka pa sipika

Lolemba pa ntchito ya zokuzira mawu ndi tsiku la zingwe. Zida zimakhala zabwera usiku kuchokera kumaukwati ndi kumatchalitchi, zingwe zitakulungidwa mothamanga, zina zitapondedwa ndi miyendo ya mipando. Chingwe chomwe sichinayesedwe Lolemba chimakadziulula chokha Loweruka anthu atadzaza holo.

Chingwe cha maiki, cha XLR, chili ndi mapini atatu. Pini 1 imagwira waya wolukidwa uja wokuta mkati mwa chingwe, amene amatchinga phokoso lochokera kunja. Pini 2 ndi pini 3 ndizo zimanyamula mawu. Timayesa ndi mita yoyezera magetsi, 1 kwa 1, 2 kwa 2, 3 kwa 3, kenako kuona kuti palibe pini yomwe ikukhudzana ndi inzake. Poyesa muzigwedeza chingwe pakhosi pa pulagi, chifukwa pamenepo ndi pomwe waya amathothoka. Chingwe chomwe chaduka pa pini 1 chimapusitsa kwambiri: maiki wamba ngati Shure SM58 amalankhula ndithu, mwina ndi kaphokoso pang'ono, koma mukalumikiza maiki a condenser, aja odya magetsi ochokera ku mikisa, amangoti zii, popeza magetsi ake a 48V alibe njira yobwerera. Anthu ambiri amataya maiki abwinobwino chifukwa cha zimenezi, pomwe chofunika chinali kuwotcherera waya mmodzi.

Lachiwiri tinaitanidwa kutchalitchi china komwe ankadandaula kuti mikisa yawo, chida chosakanizira mawu, ya machanelo 16 (mizere ya mabatani, maiki kapena choyimbira chilichonse ndi mzere wake) yatha, mawu akusweka ngakhale abusa alankhule motsitsa. Mikisa inalibe vuto. Batani la gain pa chanelo chilichonse linali litapotokoledwa mpaka kumapeto, ma fader onse, timabatani tokankha tija ta kumunsi kwa chanelo, ali pansi penipeni, timagetsi tofiira ta peak tikungophethira. Amene anaichita zimenezi ankaganiza kuti gain ndi voliyumu.

Chanelo chimawerengedwa kuchokera pamwamba kutsika pansi, chifukwa mawu nawo amayenda choncho. Amalowera pa soketi, ya XLR ngati ndi maiki kapena ya jeki ngati ndi kiyibodi ndi zina zotulutsa mawu amphamvu kale. Akalowa amakumana ndi gain. Maiki amatulutsa mphamvu yochepa zedi, ndipo ntchito ya gain ndi kuikweza kuti ifike pa mlingo womwe mikisa yonse imagwirira ntchito. Zili ngati madzi a m'paipi: gain ndi vavu ya pamita, fader ndi mpopi wa kukhitchini. Mukatsegula vavu mopyola paipi n'kuphulika, kutseka mpopi sikuthandiza. Mawu omwe asweka pa gain amakhala osweka mpaka kusipika, kaya fader mwaitsitsa bwanji. Mukaiika motsika kwambiri, mumakakamizika kukweza china chilichonse kutsogolo, ndiye kumamveka kuti sssss pansi pa mawu.

Kaikidwe kake n'kosavuta. Tsitsani fader ya chanelo, dinani batani la PFL kuti timagetsi ta mita tizionetsa chanelo chimenecho chokha, uzani woyimba ayimbe mwamphamvu monga adzayimbire anthu akadzaza, osati kungoti wani thu wani thu monong'ona. Kwezani gain mpaka mita izisewera pafupi ndi 0, malo ofuula azikhudza timagetsi tachikasu koma tofiira ayi. Pa mikisa ya digito ngati Behringer X32 mita imawerenga mwina: 0 ali pamwamba penipeni pomwe mawu amaswekera, choncho mumalinga pafupi ndi -18. Mukatero zimitsani PFL, kwezani fader kufika pa 0, pomwe mikisa zina zimalemba U. Ngati mawu akuchuluka m'chipinda ma fader ali pamenepo, tsitsani ku ampu, chida chopatsa masipika mphamvu. Ngati gain ili pansi penipeni koma kagetsi kofiira kakuyakabe, monga zimachitikira ndi maiki a ng'oma yaikulu, dinani pad, batani lodula mphamvu ya mawu ndi 20 dB kapena 26 dB malinga ndi mikisa.

Pansi pa gain pali kabatani komwe ambiri sakagwira n'komwe, kolembedwa HPF kapena low cut, ka 80 Hz kapena 100 Hz (Hz ndi muyeso wa kukwera kapena kutsika kwa liwu). Kamachotsa kugunda kwa pansi: mapazi a pa siteji, mphepo, mpweya wa P ndi B ukamenya maiki. Kadineni pa maiki onse a anthu, pa gitala ndi pa kwaya. Kasiyeni pa besi ndi pa ng'oma yaikulu, ndipo pa kiyibodi muone kaye ngati woyimbayo akusewera manotsi a pansi. Kutchalitchi kuja, titangodina timabatani timeneti, mawu a pa guwa anayera tisanakhudze EQ, mabatani okweza kapena kudula mawu okwera (high), apakati (mid) ndi otsika (low).

EQ yakeyo tinaibweza yonse pakati. Tinaipeza high ndi low zitakwezedwa mpaka kumapeto pa chanelo chilichonse, chizolowezi chochokera pa wailesi za m'nyumba. Pa mikisa, kudula kumathandiza kuposa kukweza. Ngati mid ili ndi mabatani awiri, lina losankha malo lina lokweza kapena kudula, kwezani pang'ono, zungulizani losankha lija mpaka mumve pomwe mawu akuipa kwambiri, ndiye dulani pamenepo ndi 3 dB kapena kuposerapo pang'ono. Mawu omveka ngati munthu ali m'mgolo nthawi zambiri vuto lake limakhala pakati pa 250 Hz ndi 500 Hz, obaya m'khutu pakati pa 2 kHz ndi 4 kHz.

Lachitatu unali msonkhano wa m'holo, maiki awiri ndi laputopu. Ntchito yooneka yaing'ono, koma laputopu ndi imene imabweretsa mavuto awiri odziwika. Loyamba: vidiyo ikusewera, nyimbo ikumveka, koma mawu a wolankhula m'vidiyomo akumveka kutali ngati ali m'chitsime chakuya kapena asoweratu. Chifukwa chake ndi chingwe. Laputopu imatulutsa mbali ziwiri, kumanzere ndi kumanja, pa kajeki ka 3.5 mm. Mukatenga chingwe chomwe mbali inayo chili ndi jeki imodzi ya mizere iwiri n'kuilowetsa pa chanelo chimodzi, mikisa imatenga mbali imodzi n'kuichotsera ku inzake, ndiye chilichonse chomwe chili chofanana mbali zonse, monga mawu a munthu, chimafafanizika. Chofunika ndi chingwe chogawikana pawiri, jeki ziwiri, kulowa pa chanelo cha stereo.

Vuto lachiwiri ndi kung'ung'uza kuja kwa hmmm komwe kumayamba mukangolumikiza chaja. Magetsi athu ndi a 230V pa 50 Hz, ndipo zida ziwiri zikalumikizana ndi chingwe cha mawu koma zikudya magetsi pa masoketi osiyana, kamphamvu kena kamayenda m'waya wotchinga uja n'kumveka kusipika. Mankhwala ake ndi kudyetsa zida zonse za mawu pamalo amodzi, ndi kudutsitsa laputopu pa DI box, kabokosi kosintha mawu a pa jeki kuti ayende pa chingwe cha XLR, n'kudina batani lake la ground lift, lodula njira ya kamphamvu kaja. Pali anthu amene amadula waya wa earth m'pulagi ya ampu kapena ya mikisa kuti phokoso lithe. Limathadi nthawi zina, koma tsiku lomwe chida chidzawonongeke mkati, magetsi adzadutsira pa milomo ya munthu wogwira maiki. Zimenezi musachite, ndipo mukapeza pulagi yotero pa zida zobwereka ikonzeni musanayatse.

Lachinayi gulu loyimba linabwera kudzayeserera za Loweruka, ndipo tsiku lonse linathera pa mabatani a aux. Aux ndi mikisa ina yaing'ono mkati mwa mikisa: chanelo chilichonse chili ndi batani lotumiza gawo la mawu ake ku soketi ina yapadera. Chofunika kumvetsa ndi pre ndi post. Aux ya pre imatenga mawu asanafike pa fader, ya post imatenga atadutsa pa fader. Masipika a pa siteji, omwe oyimba amadzimverera, amafuna pre. Mukawaika pa post, nthawi iliyonse mukatsitsa gitala kwa anthu, woyimba gitala amadzisowanso, amayamba kukodola ndi dzanja, kenako amakweza ampu yake ndipo zonse zimasokonekera. Reverb ndiyo imafuna post, kuti mukatsitsa woyimba kamkokomo kake katsikenso.

Tinapatsa oyimba patsogolo aux 1, wa ng'oma ndi wa besi aux 2, wa kiyibodi aux 3. Woyimba akati sakudzimva, dzanja lisathamangire kumukweza. Kawirikawiri sipika yake yadzaza ndi zinthu zomwe sakuzifuna, ndipo mukachotsamo kiyibodi ndi gitala pang'ono amadzimva osawonjezera kanthu. Ndipo gain isakhudzidwenso mukamaliza kuika masipika a pa siteji, chifukwa ili kumtunda kwa zonse: mukaisuntha, mwasuntha aux iliyonse nthawi imodzi.

Kulira kwa masipika kumayambira pomwepa. Mawu amatuluka m'sipika, n'kulowanso m'maiki, n'kukwezedwanso, kuzungulira mpaka kuti tswiii. Maiki a cardioid ngati SM58 samva bwino kumbuyo kwake kwenikweni, choncho sipika ya pansi ikhale kutsogolo kwa woyimba, moyang'anizana ndi mchira wa maiki. A supercardioid ngati Beta 58A amamvako pang'ono kumbuyo, ndiye sipika imafunika kuisendezera chakumbali. Woyimba akafumbata mutu wa maiki ndi chikhatho amatseka mipata yomwe imathandiza maiki kukana mawu a kumbuyo, ndipo kulira kumabwera msanga. Izi timawauza mwaulemu nthawi yoyeserera, osati pa siteji. Ngati pali graphic EQ ya mabandi 31 pa aux, kwezani pang'onopang'ono mpaka kulira kuyambe, pezani bandi yake, idulani ndi 3 dB mpaka 6 dB, bwerezani kwa malo ena ochepa, n'kulekera pomwepo. Mukadula mabandi ambiri mwangotsitsa voliyumu yonse n'kuwononga mawu.

Besi ndi kiyibodi zinadutsa pa DI box. Chingwe cha jeki ya mzere umodzi chikapyola mamita asanu kapena asanu ndi imodzi chimayamba kutola phokoso, pomwe cha XLR chimayenda mamita makumi angapo bwinobwino. DI ina imadya 48V kuchokera ku mikisa. Pa mikisa zing'onozing'ono batani la 48V ndi limodzi la machanelo onse: maiki wamba pa chingwe chabwino savulala nalo, koma foni kapena laputopu yolowetsedwa pa soketi ya XLR ikhoza kupsa. Yatsani 48V mutalumikiza kale, machanelo ali pa mute.

Lachisanu ndi lolongedza ndi lowerengera. Masipika awiri a 8 ohms (muyeso wa mmene sipika imakanira magetsi) olumikizana pa mbali imodzi ya ampu amakhala 4 ohms, anayi amakhala 2 ohms, ndipo ampu zambiri pa 2 ohms zimatentha n'kudzizimitsa phwando lili mkati. Werengani zolembedwa kumbuyo kwa ampu. Pa tepi yomata pansi pa ma fader timalemba dzina la chilichonse, ndipo mabatire a maiki opanda zingwe timatenga atsopano, ena apadera m'thumba.

Loweruka unali ukwati wa m'tenti, magetsi a jenereta. Jenereta imayatsidwa yokha kaye mpaka ikhazikike, kenako mikisa ndi zina zonse, ampu pomalizira. Pozimitsa ampu ndiyo imayamba. Mukasemphanitsa, kugunda komwe mikisa imatulutsa poyaka kumapita kusipika ndi mphamvu yonse. Chingwe cha magetsi chochokera ku jenereta chikhale chonenepa, cha 2.5 mm² kapena kuposa, ndipo chikhale chotambasulidwa chonse. Chowonda chimagwetsa magetsi besi ikagunda, ndipo mikisa ya digito ikazima imatenga kanthawi kuti idzuke, n'chifukwa chake timaiika pa UPS, kabokosi ka batire kosunga magetsi. Firiji ndi maketulo a ophika zisakhale pa chingwe chimodzi ndi zida za mawu.

Tenti inali yaitali, choncho tinaika masipika ena pakati, mamita 20 kuchokera ku akutsogolo. Mawu amayenda pafupifupi mamita 343 pa sekondi, ndiye okhala kumbuyo akanamva sipika yapafupi kaye, yakutsogolo n'kufika mochedwa ngati munthu wobwereza. Tinachedwetsa apakatiwo ndi 58 ms (magawo 58 mwa 1,000 a sekondi), kutanthauza pafupifupi 3 ms pa mita iliyonse, ndipo mawu a MC anamveka amodzi.

Nthawi ya perekaniperekani ndiyo imayesa munthu wa pa mikisa. MC akuyenda ndi maiki paliponse, akuitana akuchimuna ndi akuchikazi, DJ akukweza nyimbo, anthu akuvina akuponya ndalama m'lichero. Chala chimodzi chimakhala pa fader ya nyimbo kuti izitsika MC akatsegula pakamwa, diso lili pa iye kuti akayandikira kutsogolo kwa sipika mumutsitse kulira kusanayambe. Maiki aliwonse omwe sakugwira ntchito akhale pa mute. Mawu a DJ akamasweka, yang'anani mikisa yake musanagwire yanu: ikakhala pa zofiira, yanu singawakonze.

Lamulungu tinabwerera kutchalitchi kuja kukalumikiza mapemphero ku Facebook. Ankatenga mawu ku main out, ndipo oonera pa foni ankangomva abusa ndi oyimba patsogolo, ng'oma ndi kwaya kulibe. M'chipindamo ng'oma zimamveka zokha, ndiye fader yake imakhala yotsika, ndipo wa pa foni sazimva. Tinatenga aux imodzi ya post kukhala ya intaneti yokha, tinakwezamo ng'oma, besi ndi kwaya, n'kuwonjezera maiki amodzi oloza kwa anthu omwe sapita kumasipika konse, kuti kuyimba kwa mpingo kuzimveka. Mawu ochokera ku mikisa ndi amphamvu kwambiri kwa soketi ya maiki ya kamera, choncho tinadutsitsa pa kabokosi ka USB tikuyang'ana mita yake. Mnyamata wa pa mikisa tinamusiyira mahedifoni kuti azimvetsera aux imeneyo nyimbo iliyonse ikayamba, ndiponso pepala lomata pambali pa mikisa losonyeza pomwe gain ya chanelo chilichonse yaima.