Ndinalipiritsa apongozi chindapusa

Pulogalamu yowerengera ngongole za banki m'khonde ya apongozi ndinailemba ndekha mu JavaScript, chilankhulo cholembera mapulogalamu a kompyuta, ndipo ndinaiyesa. Ndayamba ndi zimenezi chifukwa kumudzi akuti sindinaiyese. Ndinalowetsa ngongole ya pa 15 Januwale, inati ibwezedwe pa 15 Febuluwale. Ya pa 10 Juni, pa 10 Julayi. Masiku khumi ndinayesa, onse a pakati pa mwezi, pomwe ngakhale mwana wa sitandade 3 sangaphonye.

Lamulo la gulu ndi losavuta: kubweza pakatha mwezi umodzi, wochedwa K500 pa tsiku. Ine ndinangolemba setMonth(getMonth() + 1), kutanthauza kuwonjezera mwezi umodzi pa tsiku lokongolera, basi.

Apongozi anakongola pa 31 Januwale 2024. Mukawonjezerapo mwezi mufika pa 31 Febuluwale, tsiku lomwe kulibe. JavaScript sikana, siwiringula. Masiku otsala imangowakankhira m'mwezi wotsatira mwakachetechete. Febuluwale wa 2024 anali ndi masiku 29, otsala awiri, ndiye apongozi inawapatsa 2 Malichi. Mayi wina amene anakongola mawa lake, pa 1 Febuluwale, inawapatsa 1 Malichi.

Amsungichuma anawerenga m'ndandandawo pamaso pa gulu, kenaka anandiyang'ana. "Akamwini, woyamba kutenga ndiye womaliza kubweza? Makina anuwa amadziwanso chibale?"

Anzanga a ntchitoyi amati edge case: chinthu chimodzi chafika kumalire kwake, monga tsiku lomaliza la mwezi. Mayesedwe ake ndi odziwika, umayesa pamalire penipenipo, limodzi kumbuyo, limodzi kutsogolo: 28, 29, 30, 31 ndi 1. Ndimazidziwa. Koma manyazi amafulumizitsa, choncho usiku womwewo ndinalemba kuti mwezi wobwezera ukakhala Febuluwale, tsiku lisapitirire 28.

Lachinayi pa 29 Febuluwale apongozi anabwera ndi ndalama zawo zonse, poti gulu linagwirizana kuti iwo abweze pakutha pa mwezi. Pulogalamu inati achedwa ndi tsiku limodzi, K500. Mkamwini wokondera uja anasanduka mkamwini wolipiritsa apongozi. Iwo sanakalipe, anangoti, "Zikomo bambo, sukulu ndi yabwino." Bola akadakalipa.

Chaka chokhala ndi 29 Febuluwale chili ndi lamulo lake: chigawike ndi 4, koma chikagawika ndi 100 ayi, pokhapokha chigawikenso ndi 400. Nchifukwa chake 2000 inali nalo, 1900 inalibe, 2100 sidzakhala nalo. Excel mpaka lero imavomera 29 Febuluwale 1900, ndipo tiziwiya ta nyimbo ta Zune tinauma pa 31 Disembala 2008 polephera kuwerenga tsiku la 366. Ndinayesa kufotokozera mayi a kunyumba zimenezi, sanaone kuti zikuchepetsa mlandu. Njira yolondola ndi kusawerengera wekha: new Date(chaka, mwezi + 1, 0).getDate() imakupatsa tsiku lomaliza la mwezi uliwonse, poti tsiku 0 ndi dzulo la pa 1. Kenaka utenge laling'ono pakati pa limenelo ndi tsiku lokongolera. Ungokumbukira kuti mu JavaScript miyezi imayambira pa 0, Januwale ndi 0.

Ndinamaliza kukonza 1:30 usiku, kalendala itatembenuka kale kufika pa 1 Malichi. Apo mpamene ndinakumbukira kuti ngongole ya mayi a kunyumba, ya pa 29 Januwale, inayenera kubwezedwa dzulo lakelo. Ndinatumiza pafoni pomwepo, ndikuilowetsa, ndikudikira K500 yanga. Pulogalamu inati palibe chindapusa.

Iyi ndiyo amati corner case, malire awiri akakumana pangodya imodzi: kutha kwa mwezi ndi kusiyana kwa nthawi. Seva yanga, kompyuta yomwe pulogalamuyo imagwirirapo ntchito, inkayendera UTC, nthawi yomwe mayiko amayezerapo nthawi zawo, pomwe Malawi ali patsogolo ndi maola awiri. Kwathu 1:30 ya pa 1 Malichi, kwa seva ikadali 23:30 ya pa 29 Febuluwale. Aliyense wolipira pakati pa 12 koloko usiku ndi 2 koloko amawerengedwa ngati walipira dzulo. Mankhwala ake ndi kusunga nthawi mu UTC koma kuisandutsa ya kwathu (Africa/Blantyre) usanaiyerekeze ndi tsiku lobwezera.

Ndinati ndikonza kukacha. Kutacha, amsungichuma anali kale pakhomo, foni m'manja, uthenga wa ndalama ukuonetsa 1 Malichi, pulogalamu ikuonetsa 29 Febuluwale. "Apongozi munawadula pa tsiku lawo, akazi anu mwawakhululukira atachedwa. Titani nanu?"

Ndinalipira K500 ya mayi a kunyumba, ina ya kunama komwe sindinaname, ndi nkhuku ya apongozi. Gulu linabwerera ku kope la hadikava.