Thanki yawalanso, koma opopera penti ena ndi akuba ndithu

Anzanga a kabaza mwakhala mukundifunsa kuti thanki ya njinga yanga yamoto ndaitani kuti iwale chonchi, ndiye ndifotokoze kamodzi. Ine ndimayenda pakati pa Chitakale, Limbuli ndi Muloza, nthawi zina kulowa m'timisewu ta m'minda ya tiyi. Mukudziwa nokha zimene njinga imaona kuno: dzinja matope a katondo omata ngati phala, June ndi July chiperoni, October dzuwa ndi fumbi. Penti wa njinga zathu zotchipazi ndi wopyapyala, sapirira.

Koma chinapha thanki yanga si mvula ayi, ndi petulo. Nthawi ija mafuta ankasowa tonse tinkathira a m'zigubu, fanulo yake botolo lodula pakati. Amatayikira pambali pa chotsekera n'kutsetserekera kuchishalo. Akaumira pomwepo amasiya mzere wachikasu, amachotsa wax (phula lopaka loteteza penti) yense, ndipo pang'onopang'ono penti amasuluka. Muzikhala ndi kansalu kofewa m'thumba, petulo akangodontha pukutani pomwepo. Osadikira kuti mukatsuka madzulo.

Yanga inafika poti penti wayamba kusendeka kukamwa kwa thanki, dzimbiri layamba kuoneka. Wina pa siteji anandilozera mmisiri wina cha ku Luchenza. Ndinachotsa thanki, kukhuthula mafuta onse, kuisiya yotsekula pamphepo kuti fungo lichoke, poti thanki yopanda mafuta koma yodzaza mpweya wa petulo ndi imene imaphulika ikayandikira moto wa owotcherera. Kondakitala wa minibasi anandilipiritsabe ngati munthu wachiwiri, ati ikudya malo. Chabwino.

Mmisiriyo analandira theka la ndalama, n'kundiuza kuti ndibwere Lachinayi m'mawa. Ndinafika m'mawa. Thanki ndinaipeza pakona pomwe ndinaisiya, pamwamba pake atasanjikapo mbale ya nsima ya dzulo. "Achimwene, khalani pansi, magetsi akangoyaka tiyamba." Ndinakhala pa tayala lakutha mpaka dzuwa kupendeka, makasitomala akundiimbira, anzanga akudya ndalama ku Limbuli. Magetsi anayaka masana, bamboyo anali atapita "kukagula thina". Mwana wake ndi amene anandibweretsera thanki chakumadzulo ikuwala bwino, ikununkha penti. Pozungulira kuseri kukataya madzi ndinaona zitini za spray zopanda kanthu zili mbwee, zofiira, mtundu wa thanki yanga. Magetsi amene tinkadikira tsiku lonse aja analibe nawo ntchito n'komwe.

Nditathira mafuta koyamba kadontho kanagwera pambali. Ndinapukuta, nsalu inachoka ili yofiira, penti atachita makwinya. Nditabwerera anandiyankha kuti, "Bwana, petulo wa masiku ano ndi woipa." Ndalama yanga mpaka lero.

Nkhani yake ndi iyi. Penti wa m'kachitini amauma chifukwa thina wake wauluka basi, ndiye petulo akamukhudza amasungunukanso. Thanki imafuna kuti pamwamba pa mtunduwo apoperepo clear wa 2K, penti wopanda mtundu woonekera ngati galasi, amene amasakaniza ndi mankhwala olimbitsa otchedwa hardener. Ameneyo akalimba walimba, petulo samusungunula wamba. Musanapereke ngakhale tambala, uzani mmisiri akuonetseni chitini cha clear, cha hardener ndi kompresa yake. Akayamba kuzungulirazungulira nyamulani thanki yanu. Wachiwiri amene ndinamupeza ku Limbe anapala zonse ndi sandipepa mpaka pachitsulo, kuthira primer (penti woyamba wogwira pachitsulo), mtundu, kenako clear. Anandichenjezanso kuti ndisapake wax mpaka patadutsa mwezi kapena iwiri, chifukwa penti watsopano amakhala akutulutsabe thina.

Ndalumpha zam'kati mwa thanki, zimene zimayenera kuchitika penti asanapopedwe. Unikani ndi tochi ya foni. Yanga pansi pake panali dzimbiri, n'chifukwa chake kabuleta inkatsekeka kawirikawiri. Petulo wa m'dziko muno amasakanizidwa ndi ethanol wochokera ku nzimbe, ku Dwangwa anayamba kupanga mu 1982 ndipo ku Chikwawa amapanganso. Ethanol amakoka chinyezi, ndiye thanki ikamagona ndi mafuta ochepa nthawi ya chiperoni, madzi amadikha pansi n'kuyamba kudya chitsulo. Onjezani apo madzi a m'zigubu za ogulitsa m'mbali mwa msewu. Ine ndinachotsa kampopi ka mafuta, kutseka bowolo, kuthira viniga, kusiya agone, kenako kuponyamo manati ang'onoang'ono n'kukhutchumula mpaka mikono kuwawa. Werengani manatiwo polowetsa ndi potulutsa. Tsukuluzani ndi madzi osungunuliramo soda, umitsani padzuwa msangamsanga chifukwa chitsulo chotsuka chimachita dzimbiri tsiku lomwelo. Ngati thumba likulola, njinga izigona thanki ili yodzaza. Onaninso labala wa pachotsekera, akang'ambika mvula imalowera pomwepo.

Tsopano kupaka. Osatsuka ndi sopo waufa wochapira zovala kapena wotsukira mbale, amachotsa wax yense. Gulani shampu wa galimoto, kabotolo kamodzi kamakhalitsa. Yambani mwathira madzi ambiri kuti matope afewe n'kutsika okha, poti mchenga uli m'katondomo ndi umene umakanda mukapukuta pouma. Ndowa ziwiri, ina ya sopo ina yotsukuluzira nsalu. Nsalu ya ku tcheni ndi kumatayala isafike pa thanki. Anyamata ena otsuka njinga kumtsinje amagwiritsa nsanza imodzi kuyambira ku sipoko mpaka ku galasi, kenako n'kupaka polishi wa pansi kapena oilo wakutha kuti inyezimire. Mukangolowa mufumbi yonse yamata.

M'mashopu ambiri amangoti zonse ndi polishi, koma n'zosiyana. Compound amapala, amadya kachikopa ka pamwamba kuti zokandika zichoke, ndiye pa penti wopyapyala wa njinga zathu pitani naye pang'onopang'ono, makamaka m'mphepete ndi pa masitika. Polishi amasalaza n'kubwezeretsa kuwala. Wax ndi amene amateteza, ndipo amabwera pomaliza. Wanga ndi wa carnauba, wochokera ku masamba a mtengo wina wa mgwalangwa wa ku Brazil. Pakani pamthunzi, injini itazizira, njinga itauma bwinobwino. Pang'ono pokha, mopyapyala. Dikirani achite mbuu, pititsani chala, pakayera ndiye pukutani ndi nsalu ina youma. Mukapaka pa thanki yotentha amauma n'kukakamira, mudzatukwana. Asakhudze mapulasitiki akuda osawala aja chifukwa amasiya zoyera, asakhudzenso chishalo, matayala ndi mabuleki, pokhapokha ngati mukufuna kasitomala akatsetsereke pa hampu.

Kuti mudziwe ngati wax akadalipo, wazani madzi. Akapanga timipira n'kugubuduka, alipo. Akangoyala, wapita. Ndi mvula ya kuno kunsi kwa phiri sapitirira miyezi iwiri. Ndipo wax si chishango cha petulo, ngakhale pa clear wa 2K amasiyabe banga mukamulekerera. Pukutani pomwepo. Wothira mafuta akamafulumira muuzeni agwedeze paipi isanachoke pakamwa pa thanki.

Zina zimene zimakanda ndi zathu zomwe: mulu wa makiyi olendewera, zipi ya jekete, lamba, thumba la nanazi kapena nthochi lomangidwa pa thanki ndi malabala. Ambiri amavalika thanki chikavala chachikopa. N'chabwino, koma muzichivula sabata iliyonse, pansi pake pamabisala mchenga ndi chinyezi, ndipo ndaonapo thanki itachita dzimbiri mwini wake akuyesa kuti waisamala. Mukaimika pansi pa mango, zitosi za mbalame ndi utomoni chotsani tsiku lomwelo ndi nsalu yonyowa, osazikanda ndi chikhadabo. Amene muli ndi buleki ya disiki kutsogolo, makaniko akamathira mafuta a mabuleki muzivindikira thanki ndi nsalu, chifukwa amenewo amasenda penti kuposa petulo.