Masewera a Khrisimasi kusukulu ya mkaka: pasakhale mwana wodikira pamzere

Teremu ikamapita kumapeto, ana a kusukulu ya mkaka sagwirika. Amakhala atamva kale kuti Khrisimasi yayandikira, koma ndi nthawi yomweyo imene aphunzitsi amawakhazika pansi maola ambiri kuti aloweze nyimbo ndi sewero la tsiku lotsekera. Zotsatira zake ndi kutsinana, kukankhana ndi kulira kosadziwika mutu wake. Thupi la mwana wa msinkhu umenewu limafuna kuyenda. Malangizo amene bungwe loona za umoyo padziko lonse la World Health Organization linatulutsa mu 2019 amati mwana wa zaka 3 kapena 4 azitakataka kwa mphindi zosachepera 180 pa tsiku, ndipo mphindi 60 mwa zimenezi zikhale zamphamvu, zija zopumitsa mwawefuwefu. Chikondwerero chimakupatsani nkhani yabwino yokokera ana kubwalo, pakuti mwana amene akukana kuthamanga chabe amathamanga mokondwa mukamuuza kuti akukasiya mphatso.

Koma dzina lokoma silisandutsa sewero loipa kukhala labwino. Tengani mpikisano wopatsirana umene ambiri amaukonda. Ana 24 muwagawe mizere 2, aliyense athamange masekondi 15. Mpikisano wonse utenga mphindi 3, ndipo mwana aliyense wayenda masekondi 15 okha pa masekondi 180. Nthawi yotsalayo wakhala akukoka malaya a mnzake. Sewero lolimbirana mipando ndiye loipirapo, chifukwa amayamba kutuluka ndi mwana wochedwa, amene ndiye amafunika kuyeserera kwambiri, ndipo amathera mphindi 10 ali pambali, misozi ili m'maso. Mukafuna kudziwa ngati sewero lanu lili bwino, sankhani mwana mmodzi wofatsa, mumuyang'ane kwa mphindi 2. Ngati waima nthawi yoposa theka, sinthani sewerolo.

Musanayambe chilichonse phunzitsani chizindikiro choimira. Belu limodzi, la mphunzitsi yekha, ndi lokwanira. Likalira, aliyense aime chilili, manja pamawondo, maso kwa aphunzitsi. Yeserani maulendo 3 kapena 4 ana akungoyenda, kenako akuthamanga pang'ono. Musauze ana kuti aime chabe, chifukwa mwana wa zaka 3 sadziwa choti achite ndi manja ake ndipo amawatumiza kwa mnzake. Malo a mamita 10 m'lifupi ndi 12 m'litali amakwanira ana 20 mpaka 25. Jambulani malire ndi choko kapena ikani zizindikiro zooneka, ndipo musiye mpata wa mamita 2 kuchokera ku khoma, mpanda kapena masitepe. Ana aang'ono amayamba kuthamanga msanga kusiyana ndi kuphunzira kuima.

Sewero loyamba, limene ndingalimbikitse ngati muli ndi nthawi ya limodzi lokha, ndi lokongoletsa mtengo wa Khrisimasi. Jambulani pansi mitengo 4, umodzi pakona iliyonse, uliwonse wotalika mamita 2. Ana 6 akhale ndi mtengo wawo. Pakati pa bwalo mwazani timipira ta mapepala amitundu ofinyafinya, tokula ngati chibakera cha munthu wamkulu, tokwana 96 kuti mwana aliyense apite maulendo 4. Mtunda wochokera pamtengo kufika pakati ukhale mamita 5 kapena 6. Mukanena kuti yambani, onse anyamuke pamodzi, aliyense atole kampira kamodzi, akaike pamtengo wake, abwererenso mpaka timipira tithe. Zimatha pasanathe mphindi 2. Kenako nenani kuti chikondwerero chatha, zokongoletsa zibwerere kumene zinachokera, ndipo ana adzathamanganso ulendo wofananawo osadziwa kuti akukukonzerani bwalo.

Cholakwika chachikulu pa seweroli ndi kuunjika timipira pamulu umodzi. Ana 24 akawerama malo amodzi, mitu imagundana. Mwazani pamalo otambalala mamita 3 kapena kuposerapo. China ndi chakuti ena amanyamula 5 kamodzi, kapena kukaba pamtengo wa anzawo. Izi zimabwera mukalengeza kuti gulu lodzaza mtengo msanga ndi lopambana. Musalengeze. Nenani kuti tikufuna mitengo yonse ikongole belu lisanalire, ndipo kuba kumatha kokha. Ana a zaka 5 muwaonjezere ntchito: mtengo uwu ukufuna zofiira zokha, uwo zobiriwira.

Ulendo uliwonse sinthani kayendedwe, koma motsata msinkhu. Wa zaka 3 amatha kudumpha ndi miyendo yonse iwiri. Wa zaka 4 amadumpha ndi mwendo umodzi kangapo, osati mamita 6, choncho muuzeni adumphe maulendo 3 kenako athamange. Kuthamanga ngati hatchi, mwendo umodzi uli patsogolo nthawi zonse wina ukutsatira, ana ambiri amakudziwa msanga. Kudumphadumpha mosinthana miyendo kumabwera mochedwa, nthawi zambiri pa zaka 5 kapena 6, ndipo mukakakamiza ana a zaka 4 mudzangoona akupunthwa ndi kukhumudwa.

Kuthamanga ngati hatchi kuja kumalowa bwino m'nkhani ya mphalapala zokoka ngolo ya Father Christmas. Ana akhale awiriawiri. Wakutsogolo amukulunge nsalu yotambalala m'chiuno, wam'mbuyo agwire nsonga zake ndi manja onse. Chingwe chopyapyala musagwiritse ntchito, chifukwa chimakwera mpaka pakhosi wam'mbuyo akakoka. Onse azizungulira mbali imodzi, asinthane pakatha masekondi 40. Phatikizani ana ofanana msinkhu, apo ayi wamkulu adzakhwekhwereza wamng'ono.

Sewero lachiwiri ndi lokasiya mphatso, ndipo ili limaphunzitsa kukhazikika kwa thupi. Konzani njira yokhala ndi magawo 4: mzere wotambalala masentimita 10 ndi kutalika mamita 3 woti ayendepo, tebulo lophimbidwa ndi nsalu loti akwawe pansi pake ngati akulowa m'chumuni, mabwalo 5 ojambulidwa pansi oti adumphiremo, ndi katoni yaikulu yoikamo mphatso. Ana 24 amafunika njira 3 zotere, ndipo musawayambitse onse pagawo loyamba. Ikani awiriawiri pagawo lililonse kuti ayambire pomwepo, mzere usapangike. Mphatso ikhale katoni yopanda kanthu yosaposa ya nsapato. Yaikulu imaphimba mapazi, mwana osaona pamene akuponda.

Akazolowera, apatseni kathumba ka mchenga kolemera magalamu 100 mpaka 150 kuti asenze pamutu poyenda pamzere. Sokani nsalu ziwiri, ina mkati mwa inzake, chifukwa kathumba kakang'ambika zamkati zimathera m'kamwa, m'mphuno ndi m'makutu. Kathumbako kamagwa chifukwa mwana amayang'ana mapazi ake. Kumuuza kuti asawerame sikuthandiza. Matani nyenyezi ya pepala pakhoma, molingana ndi maso ake, mumuuze ayang'ane nyenyeziyo. Kakagwa, atole, aike pamutu, apitirire pamene anali. Musamubweze koyambira.

Pa kuponya ndi pamene aphunzitsi ambiri amalakwitsa ndi mtima wabwino. Amaika kandowa kakang'ono pafupi n'kuuza ana kuti aponyemo. Mwana akafuna kulasa malo aang'ono amaumitsa thupi lonse n'kukankha mpira ndi chigongono chokha. Kuponya kwenikweni, kotembenuza chiuno ndi mapewa, kumaphunziridwa poponya mwamphamvu, kulunjika kumabwera pambuyo. Nchifukwa chake sewero lotumiza mphatso kwa aneba ndi labwino. Gawani bwalo pawiri ndi mizere 2 yotalikirana mamita 2, ndipo pakati pake pasaponde munthu. Mbali iliyonse mwazani mipira 25 mpaka 30 ya masokosi akale okulungiza kapena ya mapepala. Mukanena kuti yambani, aliyense atole mpira umodzi, auponye kutali kuseri kwa anzake a mbali inayo, atolenso wina. Ulendo umodzi ukhale masekondi 45 mpaka 60, ndipo bwerezani maulendo 4, mukupumira pakati.

Mawu ophunzitsira akhale ochepa: loza, ponda, ponya. Dzanja lopanda mpira liloze kumene mpira ukupita, mwendo wa mbali yomweyo upondere patsogolo, kenako dzanja la mpira lidutse pafupi ndi khutu. Ana ambiri a zaka 4 amaponda ndi mwendo wa mbali imene akuponyera, kapena saponda n'komwe. Mangani kansalu pabondo la mwendo woyenera kuponda, ndipo mudzangonena kuti mwendo wa kansalu patsogolo. Amanzere muwamange mwendo wamanja. Lamulo lopewera kugendana kumaso ndi lakuti mphatso idutse pamwamba pa mitu. Mpata wa mamita 2 uja ndi umene umateteza kwambiri, pakuti mpira wa sokosi umafika mphamvu itatha. Pamapeto musawerenge mbali imene ili ndi mipira yochepa. Mukawerenga, ulendo wotsatira ana adzayamba kukankha mipira 10 ndi mapazi, ndipo kuponya kwatha.

Chipako chimapangitsa mtima kugunda kuposa masewera onsewa, komanso ndi chimene chimabweretsa ngozi. Pa ana 24 sankhani othamangitsa 3, aliyense agwire nsalu yopindapinda yokhudzira paphewa kapena pamsana, kuti asakankhe ndi dzanja. Wokhudzidwa asanduke nyenyezi, atambasule manja ndi miyendo n'kuima. Mnzake aliyense angamumasule pomuwomba m'manja onse awiri n'kuwerenga naye mpaka 3. Ena amamasulana podutsa pansi pa miyendo, koma izi zisiyeni, chifukwa wokwawayo saoneka kwa amene akuthamanga. Ulendo woyamba onse aziyenda mofulumira basi. Sinthani othamangitsa pakatha mphindi imodzi. Mudzaona ana ena akudzipereka dala kuti akhudzidwe. Alekeni, nthawi zambiri amakhala atatopa ndipo apeza njira yopumira.

Potsitsa mtima gwiritsani ntchito usiku wa chaka chatsopano. Aliyense agwire kansalu kopepuka. Werengani chobwerera kuchokera pa 10, ana akutsika pang'onopang'ono mpaka kunjuta, ndipo pa ziro adumphe n'kuponya kansalu m'mwamba ngati makombola, kenako akawakhe kasanafike pansi. Nsalu imatsika mochedwa, choncho ngakhale mwana amene sanathe kuwakha mpira amaigwira. Bwerezani maulendo 3, mawu akucheperachepera, ndipo womaliza muwerenge monong'ona ana atagona chagada. Mukawabweza m'kalasi kuchokera pa chipako mwachindunji, phunziro lotsatira ndi lotayika.

Phunziro lonse lisapitirire mphindi 30: mphindi 4 zotenthetsa thupi, masewera 2 kapena 3 a mphindi 6 lililonse, kumwa madzi pakati, ndi mphindi 4 zotsitsa mtima. Kufotokoza malamulo kusadutse theka la mphindi. Onetsani ndi ana 2, yambani, lamulo lina mudzaonjezera likafunika. Ndipo musavutike kufuna sewero latsopano tsiku lililonse. Ana amakonda kubwereza, ndipo ulendo wachitatu ndi pamene amayamba kusewera bwino.

Zokongoletsa za chikondwerero zili ndi ngozi zake. Mabaluni osapopa kapena ophulika amatsamwitsa, ndipo chenjezo limene limalembedwa pamapaketi ake limanena za ana osakwana zaka 8. Timabelu ting'onoting'ono tomangirira m'manja timathothoka n'kulowa m'kamwa. Zingwe zonyezimira zisavalidwe m'khosi. Zophimba kumaso ndi ndevu zoyerekezera zimatchinga maso, ndipo chipewa chikagwa mwana amaima mwadzidzidzi pakati pa anzake othamanga, choncho zovala zotere zidikire nthawi yojambulitsa. Maswiti asaperekedwe pabwalo. Pansi poterera ana asasewere atavala masokosi okha. December ndi mwezi wotentha kumwera kwa dziko lapansi ndipo ndi wozizira kumpoto, choncho kwina mudzafuna mthunzi ndi madzi ambiri, kwina chipinda chachikulu. Ngati pabwera munthu wovala ngati Father Christmas, asatulukire mwadzidzidzi. Ana ambiri a zaka 3 amamuopa, ndipo ndi bwino avale ana akuona.

Si mabanja onse amene amakondwerera Khrisimasi, ndipo nkofunika kufunsa makolo sabata isanafike. Mwamwayi masewerawa amasintha dzina mosavuta. Nyenyezi, nyali ndi mphatso zimapezeka pa Eid ya Asilamu, pa Diwali ya Ahindu ndi pa Hanukkah ya Ayuda, ndipo mtengo uja ungasanduke nyumba yoti ikongoletsedwe alendo asanafike. Mwana woyenda panjinga ya olumala mumuikire timipira pabenchi kuti atole osawerama, ndipo pa chipako akhale wothamangitsa ndi nsalu yaitaliko. Wosamva bwino amafuna chizindikiro chooneka, choncho kwezani nsalu yofiira nthawi yomwe mukuliza belu. Amene phokoso limamusokoneza aime m'mphepete, pafupi ndi mlezi, ndipo mumuonetse malo amene angakakhale kwa mphindi zingapo n'kubwerera akafuna.