Loweruka ku Ngabu: vinyo wawawa m'kamwa mwa amalume

Ndanyamuka ku Nchalo m'mamawa dzuwa lisanalimbe, pakuti mu Okutobala kuno kuchigwa ukachedwa pang'ono minibasi imasanduka ng'anjo. Msuweni wanga wabwera kuchokera ku Johannesburg, ndiye amalume anapha mbuzi n'kuitana abale tonse.

Mwa katundu amene wabwera naye munali botolo la vinyo wofiira wa ku Stellenbosch. Amalume si munthu wa mowa, koma vinyo amamukonda, kapu imodzi pa tsiku lachisangalalo basi. Atalawa anakwinya nkhope. "Ameneyu waola m'njira. Akuwawa, komanso ndikumva ngati ndanyambita ndalama yachitsulo."

Poyamba ndinawavomereza, chifukwa kutentha kumawonongadi vinyo, ndipo botololi layenda pa basi ulendo wonsewo mpaka kutsika mapiri a Thabwa n'kuwoloka Shire. Koma msuweni analawa, ine ndinalawa, tonse tinapeza kuti ali bwinobwino. Kukhakhala kumene kumatsala pa lilime n'kwa makungu a mphesa, vinyo wofiira amatero.

Azakhali ndi amene anaulula. Akuti chiyambireni mapiritsi atsopano, amalume akudandaula tiyi, akudandaula ndiwo, ngakhale masau amene amawakonda akuti sakukomanso. Kenaka anawonjeza chimene chandisowetsa mtendere tsiku lonse: sabata ino amalume anasiya kumwa mapiritsiwo mwakachetechete kuti nyama ya lero aimve kukoma.

Ndinapempha kuti andionetse mankhwalawo. Ndi atorvastatin, wa gulu la ma statin, amene amachepetsa cholesterol, mafuta aja amene akachuluka m'magazi amatsekereza mitsempha mpaka munthu kudwala mtima kapena kufa ziwalo. Ambiri amaganiza kuti mafutawa amachokera m'zakudya mokha, chonsecho ochuluka amapangidwa ndi thupi lenilenilo, makamaka chiwindi, ndipo ntchito ya statin ndi kuchepetsa kupangako. Woyamba anamupeza ndi Akira Endo wa ku Japan m'zaka za m'ma 1970, kuchokera ku nkhungu.

Amalume sakunama ayi. Kapepala ka m'bokosi kalemba kusintha kwa kakomedwe ka zinthu pa mndandanda wa zovuta zosachitika kawirikawiri, zogwera munthu mmodzi pa 100 kapena kuchepera apo. Monga mphunzitsi wa sayansi nkhaniyi imandikoka. Lilime lili ndi tizilandiro, tizigawo ting'onoting'ono tozindikira zowawa, ta mitundu pafupifupi 25, ndipo mu 2024 akatswiri a ku University of North Carolina anaonetsa kuti cholesterol amakhala pa kamodzi mwa ito, kotchedwa TAS2R14, n'kumakathandiza kugwira ntchito. Kafukufukuyo sanali wa mapiritsi kapena vinyo, koma akusonyeza kuti mafutawa ndi lilime sizotalikirana monga ndinkaganizira.

Komatu m'kathumba komweko munalinso metformin wa shuga. Ameneyu ndiye amadziwika kwambiri ndi kusiya kukoma kwa chitsulo m'kamwa, mpaka kwa munthu mmodzi pa 10. Onjezanipo kutentha kwathu kuno kopitirira madigiri 40, m'kamwa mouma malovu, chakudya chilichonse chimamveka mwina. Ndiye n'kutheka kuti amalume ataya mapiritsi osalakwa, ndipo mawa akanatha kusiyanso a shugawo.

Ndinakhala nawo pansi pa mtengo wa nimu ena akuwotcha nyama. Ndinati, "Amalume, kuwawa kwa m'kamwa mukukumva, koma mafuta akamadzaza mitsempha simumva kanthu mpaka tsiku logwa." Anakhala chete, kenaka anati kuchipatala amachita manyazi kudandaula za kukoma kwa chakudya pamene pamzere pali anthu odwala zenizeni. Izi zinandikhudza. Munthu wamkulu amene chakudya chasiya kumukomera amayamba kudya pang'ono, kapena kuthira mchere ndi shuga wambiri, ndipo kwa wa BP ndi shuga zonsezi n'zoopsa. Limeneli ndi dandaulo loyenera kufika kwa adokotala. Ma statin alipo angapo, ndipo angathe kusintha mtundu kapena mlingo.

Za vinyo ndinawauza mosabisa kuti mowa ndi statin zonse zimadutsa m'chiwindi, ndipo mowa wambiri sugwirizana ndi metformin, choncho afunse ngati kapu imodzi ija ili yololedwa kwa iwo. Ndinawachenjezanso za manyumwa, amene amachititsa atorvastatin kuchuluka m'magazi.

Madzulo amwa piritsi lawo azakhali akuona. Tagwirizana kuti tsiku la kiliniki apite awiri, atenge mabokosi onse a mankhwala, ndipo azakhali akanene okha za sabata yodumphidwayi ngati amalume akabise. Vinyo wotsala msuweni wamutseka n'kumuika mu fuliji ya oyandikana nawo. Ine ndafika ku Nchalo kutada, magetsi atazima, mapepala a Fomu 3 akundidikira pa tebulo.