Laibulale imodzi kuyambira Python 3.8 mpaka 3.13: mmene ndinadutsira

Laibulale yanga yaing'ono (khodi imene ena amaika m'mapulogalamu awo) yowerenga mafayilo a TOML (osungira makonzedwe a pulogalamu) ndi kusanja madeti tsopano ikuyenda pa Python 3.8 mpaka 3.13, ndipo mtima wakhala pansi. Za kulemba pyproject.toml ndi kuika pytest ndizidumpha, mukuzidziwa kale. Ndikuuzani pamene panandigwira.

Yambani ndi kusankha Python wakale kwambiri amene mukufuna kumusunga. Python watsopano amatuluka chaka ndi chaka mu Okutobala, ndipo aliyense amasamalidwa zaka zisanu basi. Nthawi ya 3.8 inatha mu Okutobala 2024. Nanga ndikumusungiranji? Ubuntu 20.04 amabwera ndi 3.8, ndipo ena mwa ogwiritsa laibulale yanga ali ndi maseva amene saloledwa kuwakhudza. Chimene mwasankhacho chilembeni pa mzere wa requires-python mu pyproject.toml. Pip, chida choikira malaibulale, akawerenga mzere umenewo, munthu wa Python wakale amamupatsa laibulale yanu yakale m'malo momupatsa yatsopano yoti ikamuphulikire. Malire a pamwamba ine sindiika. Kulemba kuti "osapitirira 3.13" ndi kutsekera anthu chitseko pa vuto limene silinachitike n'komwe.

Mukasunga 3.8, manja anu amangidwa: zimene zinabwera ndi ma Python a pambuyo pake simungazigwiritse ntchito. Match ndi wa 3.10. Kulemba int | None ndi kwa 3.10, list[str] ndi kwa 3.9, removeprefix ndi zoneinfo nazonso ndi za 3.9. Mzere wa from __future__ import annotations umathandiza, koma pa ma annotation okha, mawu olembedwa posonyeza mtundu wa deta. Mukalemba Njira = str | None pamwamba pa fayilo, Python amayesa kuchita zimenezo pomwepo, ndipo 3.8 amagwa musanaitane function iliyonse. Tomllib, wowerengera TOML, anabwera ndi 3.11, choncho kwa akalewo mumaika tomli, wogwira ntchito yomweyo, ndi chizindikiro cha python_version < "3.11" pa mndandanda wa zimene laibulale imadalira, kenako mu khodi mumafunsa sys.version_info kuti mudziwe woti muitane. Izi n'zotopetsa chabe, sizipweteka mutu.

Chimene chinandidyera tsiku lathunthu ndi distutils. Module imeneyi, gawo la khodi limene linkabwera ndi Python mwiniwake, inachotsedwa mu Python 3.12, amene anatuluka mu Okutobala 2023. Mu khodi yanga munali strtobool ndi LooseVersion, zonse zochokera mmenemo. Mayeso anga pa 3.12 ankadutsa onse, obiriwira biriwiri, pamene munthu wina akundilembera kuti iye akungoona ModuleNotFoundError: No module named 'distutils'. Ndinayesanso pa kompyuta yanga: ikuyenda. Ndinachotsa Python n'kumuikanso: ikuyenda. Ndinafika poganiza kuti mwina munthuyo ali ndi Python wosweka, ndipo ndinayamba kumufunsa mafunso ambirimbiri ngati wapolisi.

Nkhani yake inali yotere. Setuptools, chida chomangira malaibulale, imayenda ndi distutils yakeyake, ndipo imasiya kafayilo ka .pth kamene kamachititsa kuti import distutils idziyenda mwakachetechete ngati palibe chachotsedwa. Mmene ndinkayeseramo munali setuptools, yokokedwa ndi chida china cha ntchito. Koma kuyambira 3.12 yemweyo, venv yatsopano (malo apadera oikamo malaibulale a ntchito imodzi) siikanso setuptools. Ndiye taonani: kompyuta ya wolemba khodi, yodzaza ndi zida, imabisa vutolo, pamene ya wogwiritsa, yopanda kanthu, imaliulula. Palibe uthenga uliwonse umene unandiuza kuti distutils imene ndikuona si ya Python. Zimenezi zimandinyansabe.

Choncho mverani ichi. Pangani wheel (fayilo ya laibulale yanu imene pip amaika), tsegulani venv yopanda chilichonse, ikanimo wheel yokhayo, kenako itanani module iliyonse ya laibulale yanu. Chitani izi pa Python aliyense amene mwalonjeza. Tox kapena nox, zida zoyendetsera mayeso pa ma Python angapo, amakuchitirani, bola musawonjezeremo zida zonse zimene mumakonda, chifukwa mukatero setuptools ilowanso pakhomo lakuseri.

Kukonza kwake kunali kwachidule. Strtobool ndinangoilemba ndekha, ndi mizere yowerengeka. LooseVersion ndinasintha ndi packaging.version, koma dziwani kuti iyeyu ndi wamakani: nambala imene siitsata PEP 440, malamulo a Python a kalembedwe ka manambala a release, amaikana ndi InvalidVersion, pamene LooseVersion ankameza chilichonse.

Ndakumbukira, ndikanayamba ndi ichi. Mu fayilo ya YAML ya mayeso a pa intaneti, manambala a Python muziwaika m'zizindikiro zogwira mawu. Mukalemba 3.10 wosavala, YAML amamuwerenga ngati nambala wamba, ziro uja n'kugwa, ndipo makina amapita kukasaka Python 3.1 wa m'chaka cha 2009. Vuto la ziro yemweyu limabisalanso mu khodi yakale. Sys.version[:3] pa 3.10 imapereka "3.1", ndipo mukayerekeza mawu, "3.10" amakhala wamng'ono kwa "3.9". Gwiritsani sys.version_info >= (3, 10), osati china. Ndi 3.10 yemweyu amene anachotsa collections.Mapping ndi anzake, tsopano ali mu collections.abc mokha.

Pa 3.13 sindinavutike kwambiri, chifukwa ndinali nditaphunzira kumvera machenjezo. Potsatira chikalata cha PEP 594, 3.13 anachotsa ma module akale ambiri, monga cgi, crypt, imghdr ndi telnetlib, ndipo Python anali atayamba kuchenjeza za iwo kuyambira 3.11. Vuto ndi loti DeprecationWarning nthawi zambiri saoneka. Yendetsani mayeso ndi -W error::DeprecationWarning kuti chenjezo lililonse ligwetse mayesowo. Mmenemu ndi mmene ndinapezera datetime.utcnow, amene 3.12 akuti tisiye. Apanso pali msampha. Mukasintha ndi datetime.UTC, ma Python onse osafika 3.11 agwa, chifukwa dzina limenelo ndi la 3.11. Lembani datetime.now(timezone.utc), imayenda paliponse. Ndipo deti limene mulandire tsopano likudziwa dera la nthawi yake, ndiye mukaliyerekeza ndi lakale losadziwa kuti muone lotsogola, mulandira TypeError. Kwa laibulale ya madeti ngati yanga, zimenezi zinatanthauza kuyendera function iliyonse.

Ma if onse ofunsa za Python uyu ndi uyo ndawasonkhanitsa mu fayilo imodzi ya _compat.py. Akamwazikana m'khodi yonse, tsiku lotaya 3.8 mudzawasaka mpaka kutopa. Ndawonjezeranso beta (mtundu woyesera) ya Python wotsatira pa mayeso, popeza beta yoyamba imatuluka mu Meyi, miyezi isanu anthu asanayambe kumugwiritsa ntchito. Nayonso ndimaiyesa mu venv yopanda setuptools, ndabwerezanso dala.

Potaya 3.8, kwezani requires-python mu release yomweyo imene mwachotsamo khodi yake. Mukaiwala, pip adzapereka laibulale yosayenda kwa anthu a 3.8, ndipo fayilo imene yakwera pa PyPI, nkhokwe imene pip amatengako malaibulale, simungaisinthe. Chotsala n'kuichita yank, kuti pip asiye kuisankha yekha, kenako n'kutulutsa ina ya nambala yatsopano.